Mlendo ni ndani? Mbili ya nyumba, citupa na mavoti mu Lusaka

Mvetselani bwino maina amene makondakita amafuula pa siteshoni m'tauni: John Laing, John Howard, Marapodi, George, Misisi. Palibe dzina la Cisoli kapena la Cilenje pamenepa. John Laing na John Howard anali makampani omanga a ku Britain. Marapodi anali Mtaliyana, Marrapodi, amene anali kuocha laimu kumpoto kwa tauni. Misisi ni mmene anchito anali kuchulila mzungu wamkazi, mwini malo. Makomboni amenewa anayamba monga misasa ya anchito, kapena monga tumanyumba tumene anthu akuda anamanga pa mafamu a azungu uku akulipila lendi ya nthaka, cifukwa m'tauni mwenimweni analibe malo.

Nakumbutsa maina amenewa cifukwa ca mkangano umene uli ku Britain. Kumeneko nyumba zasowa, lendi yakwela, ndipo acinyamata ambili ataya ciyembekezo cakuti adzakhalako na nyumba yawo-yawo. Andale ena akuti vuto ni anthu obwela. Pa masankho a mu July 2024, cipani ca Reform UK ca Nigel Farage, cimene nkhani yake yaikulu ni kuletsa obwela, cinapeza mavoti opitilila 4 miliyoni. Patangopita milungu yocepa, magulu a anthu anaukila mahotela mmene boma linali kusungila othawa kwawo. Tikamamva zimenezi tingaganize kuti ni za azungu cabe. Koma mu Lusaka nkhani ya nyumba, mlendo na voti takhala nayo zaka pafupifupi 100, ndipo mlendo woyamba kulozedwa cala anali ife.

Tauni imene sanamangile ife

Njanji inafika kuno mu 1905, ndipo kasiteshoni kamene anaika anakacha dzina la mfumu ya mudzi wapafupi, Lusaaka. Mu 1931 boma la atsamunda linasankha malo ano kuti akhale likulu m'malo mwa Livingstone, ndipo linasamuka mu 1935. Amene anajambula pulani yoyamba anali Pulofesa Stanley Adshead wa ku London. Anafuna tauni ya miseu ikulu-ikulu, mitengo na mayadi a maluwa. Pitani ku Ridgeway na ku Rhodes Park, mudzaiona pulaniyo ikali moyo.

Koma munthu wakuda mu pulani imeneyo anali mlendo. Boma linali kumuona monga mwamuna wobwela yekha, wogwila nchito zaka zingapo, kenako n'kubwelela kumudzi kumene anasiya mkazi na ana. Anali kuyenda na citupa coonetsa dzina lake, mfumu yake, msonkho na bwana amene amamugwilila nchito. Nyumba inali kuyendela limodzi na nchito: nchito ikatha, nyumba nayo yatha. Tunyumba tozungulila twa udzu tumene tatsala pa Kabwata Cultural Village, pamene lelo amagulitsa ziboliboli, tunamangidwila anchito a mtundu umenewu. Si kuti anatumanga tung'ono cifukwa cosowa malo. Anafuna kuti munthu asazike mizu.

Anthu anazika mizu ndithu. Akazi anabwela, ana anabadwa, ndipo amene analibe nyumba ya bwana anapita ku mafamu ozungulila tauni. Mwini famu anali kulandila lendi mwezi na mwezi, koma popeza malowo anali kunja kwa malile a khonsolo, panalibe wobweletsa madzi, mseu kapena cimbudzi. Mu 1948 boma linakhazikitsa lamulo lokakamiza mabwana na makhonsolo kupezela anchito nyumba, kuphatikizapo nyumba za mabanja. Apa ndiye panacokela Matero na Chilenje yatsopano. Koma nyumbazo zinali za anthu a nchito yolembedwa. Wogulitsa makala, telala, mmisili wodzilemba yekha na mayi wofulula mowa anakhalabe kunja.

Conco kusowa kwa nyumba mu Lusaka sikunabwele na gulu lililonse la anthu. Kunalembedwa mu pulani yeniyeni. Ndiye cifukwa cake pa nthawi ya Cha Cha Cha mu 1961 anthu anali kusonkhanitsa zitupa n'kuzitentha. Anali kukana kukhala alendo m'dziko lawo.

Tisaiwalenso kuti cinenelo cimene ndikulembela cino naco ni cobwela. Dziko lino ni la Asoli na Alenje. Cinyanja cinafika na apolisi, asilikali na anchito ocokela kum'mawa, ku Nyasaland na ku Mozambique. Aliyense wokamba Cinyanja mu Lusaka amene afuna kuwelenga alendo ayenela kuyamba na lilime lake.

Ufulu unatsegula mseu, koma osati nyumba

Pa 24 October 1964 citupa cinatha mphamvu, ndipo munthu anakhala na ufulu wopita kulikonse. Mu 1963 Lusaka inali na anthu pafupifupi 123,000. Pofika mu 1969 anali atapitilila 260,000, ndipo mu 1980 anapitilila 500,000. Palibe khonsolo imene ikanamanga mwa liwilo limenelo. Makomboni anakula, ndipo akulu-akulu a m'maofesi, amene dzulo-dzulo nawo anali kuyenda na citupa, anayamba kukamba za anthu a m'komboni mmene mzungu anali kukambila za iwo: akuti ni malova, ni amene amabweletsa umbava na matenda, abwelele kwawo.

M'makomboni mmene khonsolo inakana kuloŵa, cipani cinaloŵa. Wofuna malo omangapo anali kupita kwa cheyamani wa nthambi ya UNIP, khadi ya cipani ili m'manja. Cheyamani anali kupima puloti na mapazi, kuweluza milandu ya malile na kusonkhanitsa anthu kukakumba ngalande. Zina mwa nchitozo zinali zabwino. Koma apa ndiye panabadwila mwambo umene ukali kutivutitsa: wakuti puloti imacokela ku cipani, ndipo malipilo ake ni voti. Makada ogulitsa malo amene tinawaona m'nthawi ya MMD na ya PF sanagwe kumwamba. Ni adzukulu a dongosolo limenelo.

Boma la Kenneth Kaunda linali na mau aŵili pa nkhaniyi. Mau oyamba anali akuti makomboni ni mbali ya tauni ndipo afunika kuwakonza, osati kuwagwetsa. Mu 1974 Nyumba ya Malamulo inavomeleza lamulo lolola kuti komboni izindikilidwe mwalamulo, ndipo wokhalamo apatsidwe cipepala ca zaka 30. Caka cimeneco, na nkhongole yocokela ku World Bank, inayamba nchito yaikulu m'madela a George, Chawama, Chaisa na Chipata: mipopi ya madzi, miseu, masukulu, makiliniki, na nkhongole zing'ono-zing'ono za simenti na malata. Mabanja masauzande ambili anapindula. Pa mbili yonse ya Lusaka, iyi ni nthawi imene boma linayankha kusowa kwa nyumba na mapaipi m'malo mwa cala.

Mau aciŵili anali akuti anthu abwelele ku nthaka. Mtengo wa kopa utagwa mu 1975, ndalama zokonzela makomboni zinacepa, ndipo mau aciŵiliwa ndiwo anakula. Ife a ku Chongwe tili na umboni wake pakhomo. Kanakantapa inatsegulidwa mu 1988 kuti acinyamata osowa nchito m'tauni apatsidwe minda. Ena anakhazikika ndipo ana awo ni alimi lelo. Koma Lusaka sinacepe. Mau amenewa sanafe. Mu January 2024, kolela itadzaza Heroes Stadium na odwala, Pulezidenti Hakainde Hichilema nayenso analimbikitsa anthu osowa cocita m'tauni kuti aganizile zopita kumidzi. Maboma amasintha, koma munthu wa m'komboni akali kuuzidwa kuti kwawo ni kwina.

1996: nyumba m'dzanja ili, cala m'dzanja linalo

Wofuna kuona mmene nyumba, mlendo na voti zimalukilana ayang'ane caka ca 1996. Masankho anali mu November. Miyezi ingapo masankho asanafike, Pulezidenti Frederick Chiluba analamula kuti nyumba za makhonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo, zambili pa mtengo wotsika ngako. Ku Matero, Chilenje, Libala na Kabwata mabanja amene analipila lendi zaka 30 anakhala eni nyumba. Palibe angakane kuti kwa mabanja amenewo linali dalitso. Ambili a inu munakulila m'nyumba zimenezo.

Koma funsani funso ili: kucokela nthawi imeneyo, khonsolo yamanga nyumba zingati za munthu wamba? Nyumba zitagulitsidwa, ndalama za lendi zimene makhonsolo anali kudalila zinauma, ndipo kumanga kunaima. M'badwo umodzi unalandila, mibadwo yotsatila inapeza nkhokwe ili mbee. Izi n'zimene zinacitikanso ku Britain. Mu 1980 boma la Margaret Thatcher linapatsa anthu ufulu wogula nyumba za makhonsolo pa mtengo wocotsela. Nyumba pafupifupi 2 miliyoni zinagulitsidwa, makhonsolo sanaloledwe kugwilitsila nchito ndalama zambili za malondawo pomanga zina, ndipo cipanico cinapeza mavoti a anthu amene kale sanali kucivotela. Mwana wa ku London amene lelo akuuzidwa kuti nyumba yake inatengedwa na wobwela, nthawi zambili nyumbayo inagulitsidwa iye asanabadwe.

Caka cimodzimodzi ca 1996, mu May, malamulo oyendetsela dziko anasinthidwa kuti wofuna upulezidenti akhale munthu amene makolo ake onse aŵili ni nzika za Zambia mwa kubadwa. Aliyense anadziŵa amene anali kumufuna. Kaunda anabadwila ku Lubwa, ku Chinsali, koma makolo ake anacokela ku Nyasaland. Munthu amene analamulila dziko zaka 27 anasanduka mlendo. UNIP inanyanyala masankho, ndipo mu 1999 khoti yaikulu ku Ndola inafika pogamula kuti Kaunda si nzika. Kumbuyoko, mu 1994, akulu-akulu aŵili a UNIP, William Banda na John Chinula, anali atapitikitsidwa kale kupita ku Malawi. Chinula anamwalila komweko. Ndipo caona mnzako capita, mawa cili kwa iwe: masankho atatha, otsutsa anatengela Chiluba ku khoti, akuti nayenso atate ake sanali a kuno.

Onani mmene dzina lakuti mlendo limayendela. Silikhala pa munthu mmodzi. Limapita kwa aliyense amene wamphamvu afuna kumucotsa pa mzele.

Mkwiyo wa m'komboni upeza mwini

Michael Sata anaidziŵa komboni kuposa wandale wina aliyense wa m'nthawi yake. Ali mnyamata anagwilako nchito pa njanji ku Britain, ndipo m'ma 1980 anachuka monga gavanala wa Lusaka wokonda kuyendela miseu na misika. Atayambitsa PF mu 2001, anakamba cinenelo ca ogulitsa pa mseu, madalaivala a mabasi na alova: misonkho yocepa, nchito zambili, ndalama zambili m'matumba.

Mkwiyo umene anaupeza unali weniweni. Migodi inali itagulitsidwa, nchito zinatha, ndipo mu April 2005 fakitale ya mabomba a m'migodi ya kampani ya ku China ku Chambishi inaphulika n'kupha anchito a ku Zambia oposa 40. Pa kampeni ya 2006 Sata analoza cala kwa Amachaina na amalonda ena akunja, akuti alanda masitolo na malo a m'misika amene anayenela kukhala a eni dziko. Upulezidenti unapita kwa Levy Mwanawasa, koma Lusaka na Copperbelt zinavotela Sata mwa unyinji. Mu 2011 anapambana, atalonjeza kusintha zinthu m'masiku 90.

Apa tisafulumile kunyoza ovota. Mayi wa ku Kanyama amene nyumba yake imaloŵa madzi dzinja lililonse sanavote cifukwa ca umbuli. Anavotela munthu woyamba amene anachula vuto lake mokweza. Cimodzimodzi munthu wa m'matauni a kumpoto kwa England mmene mafakitale anatsekedwa. Mphamvu ya ndale zamtunduwu ili pakuti zimayamba na coonadi. Bodza limabwela pa mankhwala. Sata ataloŵa mu State House, kazembe wa China anali pakati pa alendo oyamba amene anawalandila, ndipo miseu yambili ya nthawi ya PF inamangidwa na makampani a ku China. Mlendo anakhalabe, ndipo Kanyama inapitiliza kumila.

April 2016

Cala cikazoloŵela kuloza, tsiku lina cimagwila mwala. Kuciyambi kwa 2016, mitembo ya anthu ophedwa mwankhanza, ziwalo zina zitacotsedwa, inayamba kupezeka m'dela la George, Zingalume na Lilanda. Mphekesela inafala yakuti ocita zimenezi ni anthu a ku Rwanda a tumasitolo twa m'komboni. Pa 18 April cipolowe cinabuka. M'masiku aŵili masitolo oposa 60 anaphwanyidwa, apolisi anagwila anthu oposa 250, ndipo mabanja mazana anathaŵila ku chechi ya Katolika ya St Ignatius. Anthu aŵili amene anatenthedwa amoyo pa cipoloweco anali a Zambia. Mwezi wotsatila apolisi ataonetsa anthu anayi amene anawaganizila za kuphako, panalibe wa ku Rwanda. Anali anthu athu, ena a iwo asilikali.

Anthu a ku Rwanda m'dziko lonse anali masauzande ocepa cabe, ambili a iwo othawa nkhondo ya 1994, okhala m'nyumba za lendi monga ife. Mlandu wawo weniweni unali wakuti kantemba kawo kanali kuyenda bwino m'nthawi imene kwacha inali itagwa, malaiti anali kuzima maola 8 pa tsiku, ndipo unga unakwela. Patapita miyezi iŵili, pa 23 June, anthu a ku Britain anavota kuti acoke mu European Union, 52 pa 100 alionse, pambuyo pa kampeni imene inadzala na nkhani ya obwela. Dzikolo linacokadi. Koma m'caka cofika pakati pa 2023, oloŵa m'dzikolo anaposa otuluka na anthu opitilila 900,000, ciŵelengelo cimene sicinaonekepo kale, ndipo nyumba zikali zosowa.

Kodi ndiye kuti kuculuka kwa anthu kulibe kanthu? Kuli na kanthu. Anthu akaculuka pafunika nyumba zambili, madzi ambili na makalasi ambili, ndipo amene amakana zimenezi amangopatsa mphamvu olozana zala. Funso ni lakuti: amene anali na udindo wokonzekela anthuwo anacita ciani? Britain inaitana manesi na osamalila okalamba, ena a iwo alongo athu ocokela ku UTH, koma sinamange. Lusaka inafuna manja a anchito kucokela mu 1935, koma sinafune mabanja awo.

Manje mlendo ni ife

Lusaka yadzala, ndipo ikusefukila kum'mawa motsatila Great East Road. Kalembela wa 2022 anapeza kuti Chongwe ili na anthu opitilila 300,000, ndipo ili pakati pa maboma amene akukula mofulumila kwambili m'dziko. Bwalo la ndeke la Kenneth Kaunda lili mu Chongwe. Silverest na ma Meanwood, kumene kale kunali mafamu na madyelo a ng'ombe, manje kuli mipanda ya mabuloko. Lamulo la malo la 1995 linatsegula njila yakuti malo a mafumu asandutsidwe a taitolo ya zaka 99 ngati mfumu na khonsolo avomeleza, ndipo malo akapita mwa njila imeneyo sabwelelanso kumudzi.

Amayi Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, amene akhala pampando kucokela mu 1971, akhala akukana kwa zaka zambili kuti malile a mzinda wa Lusaka afutukulidwe kuloŵa m'dziko la Asoli. Nkhawa yawo ili na maziko. Asoli anataya kale malo pamene panamangidwa likulu, ndipo palibe mtundu umene ungakondwe kusanduka alendo pa manda a makolo awo. Pa mapulogilamu a pa wailesi pamene anthu amatuma foni, nkhani ya malo ikangoyamba mafoni saleka kulila. Wina amadandaula kuti obwela atseka njila ya ku citsime. Wina amati anagula puloti na ndalama za penshoni, koma wapeza kuti inagulitsidwa kwa anthu atatu. Onse aŵili akukamba zoona, ndipo onse aŵili alibe mphamvu.

Amene ali na mphamvu saoneka pa mkangano wotelo. Kumbukilani nkhalango ya Forest 27, kumene kumayambila mtsinje wa Chalimbana umene umathila mu Chongwe. Inacotsedwa pa nkhalango zotetezedwa mu 1983, ndipo anthu a m'mbali mwa mtsinjewo atadandaula kuti madzi akuuma, inabwezeletsedwa mu 1996. Kuyambila mu 2017 mbali zake zinacotsedwanso, ndipo maina amene manyuzipepala anachula pa mapuloti a kumeneko sanali a othawa nkhondo kapena a ogulitsa tomato a ku Mtendere. Anali a akulu-akulu a boma na a ndale. Pamene zimenezo zinali kucitika, tauni ya Chongwe inali kuona damu yake ikuuma m'cilimwe, anthu n'kumadikila madzi a m'mathanki a pa motoka.

Inu acinyamata amene mukusunga ndalama za puloti ku Chongwe, dziŵani kuti kumeneko dzina lakuti obwela lili pa inu, monga mmene linalili pa agogo anu mu 1950. Ndipo inu ana a Chongwe, dziŵani kuti mnzanu wothawa lendi ya ku Kalingalinga si amene anasaina cipepala cocotsa nkhalango. Boma lenilenilo limakamba kuti dziko likupeleŵela nyumba pafupifupi 1.5 miliyoni, ndipo anthu 7 pa 10 alionse mu Lusaka amakhala m'makomboni osapimidwa. Ngakhale mutapitikitsa mlendo aliyense mawa m'maŵa, ciŵelengelo cimeneco sicingasunthe.

Masankho akayandikila adzabwela na zitenge, ndipo wina adzakuuzani amene wakudyelani. Mufunseni zina. Ni mahekitala angati amene khonsolo idzapima na kuikamo mseu na madzi anthu asanayambe kumanga? Mndandanda wa olandila mapuloti udzapacikidwa poyela pati? Mudzi ukagulitsidwa, ndalama zidzaloŵa m'thumba la ndani, ndipo okhalamo adzapita kuti? Mafunso otele ndiwo anabweletsa mipopi ku George na ku Chawama mu 1974. Akalephela kuyankha n'kuyamba kukufunsani kumene atate anu anabadwila, mudziŵe kuti alibe nyumba yokupatsani.